Sipika ya a Wanithu

Mu mzinda muno panalibe amene sankadziwa kuti a Wanithu sankatha kupereka moni popanda maikolofoni. Ngakhale uwayandikire mpaka mphuno kugundana, ankayamba aimenya ndi chala, pho pho, "wani thu, wani thu", kenako moni wako n'kutulukira m'chisipika chachikulu ngati bokosi la maliro, nkhunda za padenga la banki n'kubalalika. Ena amati ngakhale madzi osamba kunyumba ankaitanitsa pa sipika, n'chifukwa chake akazi awo analongedza. Kaya n'zoona kaya, ife tinangomva.

Nyimbo zawo zinalibe mutu. Ankaimba chilichonse chimene maso aona. Wina akadutsa ndi nsapato zatsopano, nyimbo. Bwana wina akatsika m'galimoto ndi mayi woti si wakunyumba, imeneyo ndiye inkakhala nyimbo yaitali, kolasi yake nambala ya galimotoyo.

Munthu mmodzi yekha ndiye sankadandaula: bambo wina wosaona, woluka mipando, amene ankatsika basi tsidya lino la msewu waukulu pomwe khonde lake logwirira ntchito lili tsidya linalo. Maloboti a pamphambano paja anafa kalekale. Tsiku lina ataima ndi ndodo yake, kusowa poyambira, anangomva m'kati mwa nyimbo yachikondi: "Wokondedwa usandisiye, achimwene a ndodo imani kaye kukubwera lole, mtima wanga wasweka, wolokani tsopano!" Kuyambira tsiku limenelo, popita ndi pobwera, ankawoloka ndi nyimbo.

"Koma mawu anu ndi oipa, achimwene," ankatero akafika pakona.

A Wanithu n'kumenya maikolofoni. "Wani thu. Oipa omwewo akuwolotsani."

Eni masitolo ndiye anatopa nazo. Wogulitsa mankhwala anakadandaula kukhonsolo kuti odwala sakumva kamwedwe ka mapiritsi. Loya wa m'chipinda chapamwamba anati mabodza a makasitomala ake sakuwamvanso bwino. Khonsolo inakhazikitsa lamulo, n'kutumiza mayi wina wa yunifolomu atanyamula kamakina koyezera phokoso, kokhala ndi kasingano.

"Bambo, singano yafika pofiira," anatero mayiyo.

"Wani thu. Ndiye kuti nyimboyi yaikonda, mayi. Taonani mmene ikuvinira."

"Tsitsani."

Ankatsitsa ndithu, mwaulemu wonse, koma mayiyo akangokhota pakona ankakwezanso n'kumupekera nyimbo ya kayendedwe kake. Anawasamutsira kuseri kwa msika, m'mawa mwake anabwerera akukankha sipika pa wilibala. Anawauza kuti aziimba masana okha, iwo anati wotchi yawo imayenda m'mawa ndi madzulo basi. Chifukwa chenicheni sanachinene, poopa kumuchititsa manyazi mnzawo wosaona uja, ndipo woluka mipando naye anangokhala duu, poti sankafuna kuti mzinda wonse uzimumvera chisoni. Mapeto ake sipika ija inakwezedwa pa galimoto ya khonsolo, a Wanithu akuiperekeza pambuyo ngati namfedwa, chingwe cha maikolofoni chikukwekwereka pansi.

Pamphambanopo sanachoke. Ankamenyabe maikolofoni yakufa ija, pho pho, n'kumakuwa ndi kukhosi kwawo, kulimbana ndi mainjini a msewu wonse. Woluka mipando ankawamva mawuwo akutha pang'onopang'ono. Poyamba ankamveka ngati chitseko chadzimbiri, kenako kunangotsala kamphepo.

"Zisiyeni, achimwene, ndizipempha anthu," anawachonderera tsiku lina.

"Anthu ake ati? Onsewa maso ali pa foni."

Nyengo yozizira itafika, chifuwa chinawagwira. M'mawa wina pakona paja panali wilibala yokha, mwini wake atatisiya.

Bata lomwe anthu ankalifuna lija lilipo tsopano. Loya akumva mabodza onse, mabwana akutsika m'galimoto ndi aliyense amene afuna. Koma ndi bata loipa, lokhala ngati la m'nyumba yomwe mwatuluka maliro, ndipo ogulitsa m'misewu amatsitsa mawu okha akafika pakonapo. Woluka mipando amaima m'mphepete mwa msewu nthawi yaitali, mtima uli m'mwamba, kudikira woti amugwire dzanja. Amawasowa kwambiri munthu wa mawu oipa uja.

M'mawa wina, atatopa n'kudikira, anaganiza zongowoloka, chichitike chichitike. Atangokweza phazi anamva kuchokera pakona, bwinobwino: pho, pho.

"Wani thu. Imani kaye."

Anabweza phazi lija, ndipo lole inadutsa, mphepo yake n'kumuwomba kumaso.

Kenako wina anamugwira chigongono. "Tiyeni ndikuwolotseni, bambo. Anthu andiuza zonse, kungoti andiuza mochedwa."

Mawuwo anawazindikira, anali a mayi wa kukhonsolo uja.

"Mayi, mwamva?"

"Kumva chiyani, bambo?"

"Tayang'anani kamakina kanuko. Singano ili pati?"

Woluka mipando anangomva kamakina kakuthimitsidwa, ndipo mayiyo anamukoka mwachangu, osacheukira pakona paja, mpaka anafika tsidya linalo.