Desiki Imene Inawoloka Mlatho wa Lilongwe

Amene akuti ndikunama adzuke pompano, atsike ku Old Town akafunse mlatho wakale uja, chifukwa mlathowo unaona zonse ndi maso ake. Iwe Tadala, mdzukulu wanga, tseka kaye bukulo, ndakuona, tsamba ndi lomwelo chiyambire m'mawa, mutu ukungogwedera ngati gulo. Anzakowa nawonso asendere kuno. Mukuti mayeso akuvuta? Inu mayeso mumawadziwa?

Inali nthawi ya Chitaganya, Lilongwe kali katauni ka fumbi, kuno ku Area 15 kumene mwayala mabuku anuku kuli tchire la afisi okhaokha. Ine Binwelo ndinali mu Sitandade 6, ndevu zitamera kale, poti sukulu ndinaiyamba mochedwa. M'mawa ndinkaphunzira, masana ndinkapalasa njinga ya Mmwenye wina wa sitolo ya nsalu, kuperekera anthu katundu. Mmwenyeyo tinkamutcha Fulumira, chifukwa ngakhale moni wake unali womwewo: "Fulumira, Binwelo, fulumira!" Tsono atsibweni anga a Zakeyu, alongo awo a amayi, anali atagamula kale mlandu wanga. Anandiitana, n'kukhosomola kaye monga mwa chizolowezi chawo. "Ehe-ehem! Binwelo, ukalephera mayeso amenewa, ukwera nane lole ya ku Halale, ukathyole fodya wa Mzungu mpaka msana upindike ngati wangawu." Ndipo ku Halale, ana inu, anthu ankapita ali anyamata n'kutchona, osadzaonekanso. Amayi analira mpaka mpango unanyowa.

Nanga ndikanawerenga nthawi yanji, munthu wokhalira pa chishalo? Ndinatenga luzi, n'kumangirira buku pa mahandulo a njinga, basi sukulu yanga inathera pamenepo. Phunziro lililonse ndinalipatsa malo ake. Haijini, phunziro la ukhondo, ndinkaloweza podutsa pamsika, pamene fungo la nsomba zouma linkandikumbutsa za ntchentche. Mitsinje ya mu Afirika ndinkaitchula pamlatho. Masamu, poti ngolimba, ndinkalimbana nawo pachitunda chokwera ku boma, thukuta lili kamukamu, ndipo Chingerezi ndinkachisungira kunyumba za Azungu, kuti chizimva kuti chili kwawo. Ndipo sindinkawerenga chamumtima ngati wakuba, ayi, ndinkakuwa, ndinkaimba, belu ndiye ng'oma, mpaka amayi ogulitsa mandasi anayamba kundiyankha ndikaiwala, agalu a Azungu anayamba kuuwa matebulo a masamu, wina akati seveni mnzake n'kuti fotini, ndipo ndinawerenga buku limodzi mwamphamvu moti zilembo zinatopa, zinayamba kusosoka n'kumagwera mumsewu, nkhuku za kuseri kwa mzikiti n'kumazitola, ndipo tambala wa kumeneko anatha mwezi wathunthu akulira m'Chingerezi. Mukumva? Ndikulumbira pa manda a agogo anga, anthu ankadzuka osamva kuti akuti chiyani.

Matayala anatha, ndinkapalasa pa malimu. Malimu anatha, Fulumira anagula ena akulira. Koma mutu unadzaza, mpaka chipewa chinasiya kundikwana.

Tsiku la mayeso linafika. Anatilowetsa m'kalasi, aliyense pa desiki yake ya thabwa lolemera, ija yolumikiza ndi benchi, kabotolo ka inki kali m'kabowo kake. Woyang'anira anali Mzungu wamtali, wa kabudula wa khaki ndi maondo ofiira ngati phwetekere, wotchi ili m'manja. Pambali pake panali ahedi athu a Mbewe, atakolera tayi mpaka maso kutong'oka. Mzungu uja anawerenga lamulo m'Chinyanja chake cha m'mphuno: "Palibe munthu kuchoka pa desiki wake! Munthu kuchoka, munthu kulephera!"

Ndinatembenuza pepala. Funso loyamba la haijini, losavuta, loti ngakhale mayi wa mandasi akanalemba. Ndinaviika peni mu inki. M'mutu mwanga munali zii! Ndinagwedeza mutu, munangolira ngati chitini chopanda kanthu. Anzanga ali kalikiliki kulemba, ine ndikungoona lole ya ku Halale m'maso mwangamu, ndi fumbi lake lomwe. Pamenepo m'pamene ndinazindikira cholakwa changa: nzeru zonse ndinazisiya m'misewu, chilichonse pamalo pake, ndipo zinkatuluka pokhapokha miyendo ikamazungulira. Munthu amene sanawerengepo atakhala chete, mumuuze alembe atakhala chete!

Ndinati ndiyese pang'ono. Ndinayamba kupalasa pansi pa desiki, mwakachetechete, mwendo uwu, mwendo uwo. Yankho linasuzumira pang'ono, ngati mbewa pa una. Ndinawonjezera. Desiki inati kwee! Ndinawonjezeranso, desiki inasuntha, inapyola mzere woyamba, inapeza khomo, ndipo pamene a Mbewe ankati "Ti-ti-ti, Binwelo, mwana iwe, ukundipha!" ine ndinali nditafika kale pabwalo la mpira, peni m'manja, fumbi lili kobo kumbuyo kwanga.

Mzungu uja anatola mapepala onse a mayeso n'kuliyatsa liwiro pambuyo panga. "Iwe, ima! Iwe kulephera!"

"Bwana, pa desiki sindinachoke!"

Anaima, anayang'ana lamulo lake, anakanda dazi, anaona kuti ndikunena zoona, ndipo poti lamulo lina linkati woyang'anira asasiye wolemba yekha, anamanga bwino nsapato n'kumanditsatira.

Pamsika fungo la nsomba litangondimenya, haijini yense anakhuthuka, peni inathamanga mpaka pepala linayamba kufuka, amayi a mandasi akululutira, wina n'kundiponyera mandasi m'kamwa ndili paliwiro. Pafupi pomwepo panali pokwerera malole, ndipo ndikuona atsibweni anga a Zakeyu ataimirira pambali pa lole ya ku Halale, atanyamula kale mphasa yanga ndi bulangete langa, chifukwa iwo ankadziwa kuti ndilephera. Ndinawadutsa ngati kamvuluvulu, chipewa chawo chinauluka n'kukatera ku Dedza, ndipo chikhosomo chimene anakhala nacho chibadwire chinatheratu tsiku lomwelo chifukwa cha mantha. Mukumva? Pamlatho Mzungu uja anandipeza ali wefuwefu, anandiponyera pepala la jogalafe, ndinalemba mitsinje yonse ya mu Afirika ndi ina imene inali isanayambe kuyenda, inki inandithera, ndinaviika peni mumtsinje wa Lilongwe ndili pamwamba pa mlatho, ndipo madzi anada mpaka anthu a kumunsi anasiya kuchapa. Pachitunda cha ku boma masamu anagonja okha, manambala akugwada mumsewu, agalu a Azungu akuthamanga pambali panga kuti aone ngati ndikukhoza, ndipo pofika kunyumba za eni ake Chingerezi chinatuluka chosalala, moti dona wina amene ankamwa tiyi pakhonde anaimirira n'kundipatsa sawatcha.

Koma desiki ilibe mabuleki, ana inu. Mapepala anatha, miyendo osafuna kumva. Ndinalowa m'tchire, ndinadumpha mtsinje wa Lingadzi osanyowa, afisi akupatuka, mpaka desiki inakatitimira pakachitunda kena ka udzu wautali, miyendo yake itaperepeseka, utsi ukutuluka. Mzungu uja anafika chokwawa, masokosi ali m'mapazi koma nsapato zitatha, anayang'ana wotchi yake n'kunong'ona kuti, "Peni pansi." Ndinali nditamaliza kalekale. Ndinamubereka kumsana pobwerera, mapepala ndili nawo pamutu.

Desiki ija tinaisiya pomwepo. Patapita zaka, akuluakulu a boma ankayendayenda kufuna malo omangapo maofesi, anaipeza m'tchire muja, n'kunena kuti, "Apa ntchito inayamba kale." Ndi pa Capital Hill paja. Onse amene mumawaona m'mabasi m'mawa atakolera matayi aja amakakhala pamalo panga, ndipo palibe ngakhale mmodzi anabwerapo kudzandithokoza.

Zotsatira zitabwera, a Mbewe anaziwerenga pamaso pa tonse. Ndinakhoza moti olemba mamaliki malo anawathera, ena anachita kulemba kuseri kwa pepala. Atsibweni anabwera kunyumba, anayala mphasa yanga pamene anaichotsa, n'kuuza amayi kuti, "Mlongo, miyendo ya mwanayu siyothyolera fodya." Amayi anavina mpaka fumbi linalowa m'nyumba za eni. Lole inapita ndi malo anga opanda munthu, ndipo ine ku Halale sindinapondeko mpaka lero, ndikadali pano, m'tauni yangayi.

Sabata yomweyo boma linandiitana, n'kunena kuti munthu wanzeru chotere sangawonongekere kusitolo ya nsalu. Anandipatsa yunifolomu, chipewa chachikulu chokwana mutu wanga, ndi udindo. Mukufunsa kuti udindo wanji? Mesenjala wa pa njinga. Mukuseka chiyani? Mumafuna andikhazike pampando kuti nzeru zonse zija zizime? Boma silinali lopusa!