Nyani Amene Ndinamuphunzitsa Kutsegula Zipi

Pali zolakwa zina zimene munthu umasowa woti umuloze chala, chifukwa zala zonse zimabwerera kwa iwe mwini. Changa ndi cha nyani, ndipo manyazi ake sanandichokebe.

Chilimwe china ndinapeza ganyu ya miyezi itatu pamalo ogona alendo m'matenti, m'mphepete mwa nkhalango yotetezedwa kumpoto kwa Nkope. Anandilankhulira kwa abwana ndi Che Saidi, mlonda wokhalitsa wa nkhalangoyo, mnzawo wa malemu bambo anga. Ntchito yanga inali kulandira alendo, kuwasonyeza pokhoma tenti, kusesa ndi kuthamangitsa anyani ndi legeni. Abwana anati amene agwire bwino adzamulemba ntchito yokhazikika. Ine ndinali nditakhala pakhomo zaka zinayi chilembereni mayeso a Fomu 4, ndiye mutha kuona mmene ndinkaifunira.

"Mwanangu, lamulo ndi limodzi," anatero Che Saidi tsiku loyamba. "Nyani usampatse kanthu, ngakhale khoko la nthochi. Ukampatsa lero, mawa abwera ndi akuchimuna ndi akuchikazi omwe."

"Ndamva, Che Saidi." (Kumva ndinamvadi, koma ndi khutu limodzi.)

Panali nyani wina wamphongo wopindika mchira. Tsiku lina ndinamuponyera nthochi, alendo n'kujambula, wina n'kundigwiritsa kangachepe. Mawa lake nyani uja anadzalandira m'manja mwanga. Kenako nzeru zinandichulukira: ndinayamba kuika nthochi m'chikwama changa n'kutseka zipi. Anavutika nayo masiku awiri, lachitatu anaikoka mwaukatswiri kuposa telala. Alendo ankaomba m'manja, ine n'kumadzimva kuti ndine mphunzitsi. Zonsezi ndinkachita Che Saidi akapita kukayendera nkhalango. Paja ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Lachisanu lina, Che Saidi ali ku mzikiti, banja lina lochokera ku Blantyre linkapita kukayenda pa boti panyanja. Linabwera kudzakondwerera tsiku lobadwa la mayi awo okalamba, ndipo linali ndi keke yaikulu.

"Achimwene, zakudyazi tikasiya m'tenti anyani sangalowe?" anafunsa bambo wa banjalo.

"Musadandaule, bwana. Bola mwatseka zipi."

(Ndinatero ineyo, ndi pakamwa panga pomwepa.)

Posakhalitsa abwana anafika kudzaona mmene ntchito ikuyendera. Ndinawaperekeza ndikuwasonyeza pamene ndasesa, mpaka tinatulukira pa tenti ija. Inali yasa. Anyani asanu ndi mmodzi anali m'kati, wina akukoka thumba la buledi, ndipo wophunzira wanga anali atakhala pakhomo, keke ili pamiyendo, nkhope yonse mbuu.

Abwana anaiyang'anitsitsa tentiyo. "Sinang'ambike paliponse. Watsegula ndani?"

"Mwinatu alendowa anaiwala kutseka, bwana."

Ndisanameze n'komwe malovu, nyani uja anasiya keke, anabwera pang'onopang'ono n'kudzakhala pamapazi anga. Anatambasula dzanja n'kukoka zipi ya chikwama chimene ndinakoleka paphewa. M'katimo munali nthochi zitatu. Abwana anandiuza pomwepo kuti ntchito yatha.

Alendo atabwerako ndinapepesa mpaka mawu kutha. Mayi okalamba aja anangoti, "Zachitika, mwanangu," n'kukakhala m'galimoto. Bola akanandikalipira.

Che Saidi atamva, sanakweze mawu. Anavula kofia yawo n'kuipinda m'manja. "Ntchito wataya, koma ina udzaipeza," anatero. "Chimene sukudziwa n'chakuti nyani wosaopa anthu sakalamba. Mawa adzaluma mwana wa mlendo."

Abwana anandilola kumaliza sabatayo. M'masiku amenewo nyani uja anatsegula matenti ena atatu, ndipo legeni ankangoiyang'ana. M'mawa umene ndinkalongedza katundu wanga, ndinaona Che Saidi akulowera kuseri kwa matanthwe ndi mfuti. Inalira kamodzi kokha.

Ntchito ija ndinasiya kuilira kalekale. Chimene chimandipweteka n'chakuti nyaniyo sanathawe ataona munthu akubwera. Che Saidi anandiuza kuti anakhala pansi n'kutambasula dzanja.