Nkhokwe Ikupsa, Ine Ndili Chogwada

Nkhaniyi anzanga amaikamba akafuna kuseka, ndiye bola ndiikambe ndekha mwiniwake.

Ndinakwatiwa ku Dambe mwa chitengwa, ndili mtsikana wosatha kuyang'ana munthu kumaso. Mwana wathu atangoyamba kukwawa, bambo ake anapita ku Halale kukagwira ntchito, n'kutisiyira nkhokwe yodzaza. Njala yaikulu ija inali itangodutsa kumene, choncho chimanga chimenecho chinali moyo wathu, ine ndi mwana.

Amuna a mumpingo mwathu anali ndi pangano. Nyumba yogona ikapsa, aliyense ankabwera ndi mitengo ndi udzu kudzamangira mnzake. Koma khitchini, khola ndi nkhokwe ayi. Ankati zimenezo zimapsa chifukwa cha kusasamala kwa akazi (amene ankakonda mawu amenewa ndi apongozi anga aamuna, mkulu wa mpingo).

Tsiku lina masana ndinaona mavu atamanga kudenga kwa nkhokwe. Wanzeru akanakapempha amuna. Ine manyazi. Ndinayatsa muuni wa udzu n'kuukweza pang'onopang'ono kuti ndiwatenthe. Mavu awiri anandiluma pachikope, dzanja n'kutaya muuni. Unagwera pati? Padenga pomwepo, dzuwa la Okutobala lili phwee.

Ndinathamanga mwana ali kumsana. Anthu anali kumadimba, pakhomo panali apongozi aamuna okha, akusema mpini. Tsono mtengwa safikira apongozi ndi mfuu. Ndinagwada patali n'kuomba m'manja.

"Mwaswera bwanji, bambo?"

"Taswera, kaya inu amake mwana? Kamwanako kachira chifuwa?"

"Kachira, bambo."

(Uku kumbuyo kwanga nsungwi zikuphulika.)

"Nanga disolo latani?"

"Mavu, bambo."

"Pepani. Pakanipo matope."

"Zikomo. Komanso nkhokwe ikupsako pang'ono."

"Pang'ono?" Anatembenuka. "Mayo ine! Motooo!"

Sindinkadziwa kuti nkhalamba imathamanga chomwecho. Amuna anatulukira kuchokera kumadimba, anakankha denga ndi mitengo n'kuligwetsera pansi, azimayi akuthira madzi. Chimanga chapamwamba chinapserera, chapansi chinapulumuka. Koma nkhokwe inatsala pamtetete, mitambo itayamba kale kuda, ndipo udzu wofolera unali utatha ndi moto wa m'tchire.

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi, apongozi anaimirira pakati pa amuna.

"Pangano ndi pangano. Nkhokwe mulibemo, ngakhale ili ya mwana wanga."

Ndinabwerera kunyumba ndikulira, maso ali kumitambo.

M'mawa mwake ndinangomva, "Odi!" Anali apongozi anga aakazi, kumbuyo kwawo azimayi asanu ndi mmodzi, aliyense mtolo pamutu. Unali udzu umene anasungira makhitchini awo.

"Anapanganawo ndi amuna, ife sanatifunse," anatero. "Pukutani misozi, katengeni luzi."

Amuna ataona akazi awo akukwinda nsalu kuti akwere pankhokwe, anayamba kubwera mmodzimmodzi ndi nsungwi, nkhope zili pansi. Apongozi aamuna ndiwo anamanga nsonga ya denga, akung'ung'udza kuti iwo akungothandiza akazi awo, za nkhokwe sakuzidziwa.

Mvula inagwa tsiku lachitatu, chimanga chili pouma. Ufa wathu unanunkha utsi mpaka kukolola, koma mwana sanagonepo ndi njala. Azimayi amenewo sindidzawaiwala, ndipo chaka chilichonse ndimamweta mtolo umodzi wapadera, wa amene adzalakwe ngati ine.

Kukuwa ndiye ndinaphunzira. Kungoti apongozi aamuna akakhala pafupi, ndimakuwa nditagwada.