Chingelezi cha pa Zenera

Lolemba
Makina anga osokera ndawasunthira kuseri kwa loja (sitolo), pansi pa zenera la chipinda chimene bambo Saide akuphunzitsiramo Chingelezi. Akuti anaphikira mzungu zaka zambiri ku Mulanje. Ophunzira alipo khumi, onse akufuna kuwolokera ku Malawi nkhondo isanalowe muno mu Mandimba. Ine sindilowa, ndingoonerera kaye. Ndaganiza motere: mawu asanu patsiku, Lamulungu ndimudabwitse mkazi wanga, ndiyeno tikambe zowoloka.

Lachiwiri
Lero akuphunzira moni. Chipinda chonse: "Gudu moningi!" Bambo Armando, mlimi wa fodya wothawa ku Ngauma, akungoti "bomu moningi." Pofika pa kuthokoza, "thenki yu," bambo Saide akukuwa, "Lilime pakati pa mano!" Bambo Armando mano akutsogolo alibe. Nanga aliike pati? Ndayesa nanenso, kuiwala kuti ndaluma singano. Pang'onong'ono kuimeza!

Lachitatu
Zomwe ndatola:
supuni
foloko
buledi
dina izi lede (chakudya chapsa)
Koma supuni ndi foloko ndimazidziwa chibadwire. Ndiye kuti ndakhala ndikulankhula Chingelezi osadziwa? Mayi Atija, ogulitsa mandasi, akufunsa: "Msilikali wa pamalire akafuna mapepala, tiyankhe chiyani?" Bambo Saide akanda mutu nthawi yaitali. "Muziti yesi madamu."

Lachinayi
Atsala asanu. Enawo awoloka, mayi Atija nawonso. Kukumveka kuti dzulo ku Mitande kunalira mfuti, ndipo magalimoto a ku Cuamba sanafikebe. M'chipindamo akuyeseza kufunsa mlendo ngati akufuna shuga mu tiyi. Shuga tinamuona liti? Maso ali pa zenera, ndasoka mwendo wa buluku la mwini loja mpaka kutsekeka.

Lachisanu
Pochokera ku mzikiti ndapeza uthenga wa mayi Atija wafika. Akuti ku Chiponde anawafunsa m'Chichewa, iwo anayankha m'Chiyao, basi analowa. "Amenewo ndi apamalire chabe," akutero bambo Saide. "Chingelezi chili mkatimo." Mkati mwake kuti? Palibe wafunsa.

Loweruka
Bambo Saide sanabwere. Akuti awoloka m'mawa, miphika kumutu. Ophunzira awiri akhala pa benchi mpaka dzuwa pamutu. Kenako bambo Armando asuzumira pa zenera: "Bambo atelala, inu simunajombepo. Lowani mutiphunzitse." Ndakana katatu. Ndalowa.

Lamulungu
Ndamuuza mkazi wanga "dina izi lede," n'kumasulira. Wayang'ana pamoto, wandiyang'ana ine, wapitiriza kumanga mtolo wa zovala. Akuti iye ndi ana adzatsogola Lachitatu, ine ndi makina tidzatsatira atapeza pokhala. Mawa ndili ndi ophunzira awiri ndi mawu asanu ndi awiri. Ndikamatulutsa amodzi patsiku, atifikitsa Lamulungu linalo.