Kasingano ka Oyilo Kagona pa Ziro

Lolemba

Mkazi wanga Nambewe watha sabata ziwiri ali kwa amayi ake ku Ligowe. Pochoka anati, "Kwatirani galimotoyo, ndi imene mumaifunditsa ikagwa mvula." Ndatumiza uthenga kuti Loweruka ndikamutenga pa galimoto yomweyo, aone ubwino wake.

Lero ndailiza. Kasingano ka geji ya oyilo kagona pa ziro. Sikakugwedezeka n'komwe!

Galimoto si yanga. Ndi ya alamu, achimwene ake a Nambewe. Anandisiyira popita ku Tete, ntchito yonyamula ufa wa othawa nkhondo ku Luwani itatha. Anati, "Kasingano aka kakagona, zimitsani. Injini ya dizilo ikauma oyilo, yafa." Ndazimitsa.

Batire ndi lofooka, choncho galimoto imalira pokhapokha ikatsetsereka. Nyumba ili pachitunda. Pano galimoto yaima mmunsi mwa mtengo wa mango, ndipo wokankha nane palibe.

Zochita:
1. Kuyeza oyilo.
2. Kusauza alamu.
3. Kuchapa malaya a Loweruka.

Lachiwiri

Kandodo koyezera oyilo kakuti ndi wodzaza. Kasingano kakuti mulibe. Mmodzi akunama. Ndani?

Ndapita kusitolo kwa Che Yusufu. Akuti, "Achimwene, kandodo sikanama, kalibe mawaya." Komabe ndigula malita awiri. Kuli bwino achuluke.

Ndathira. Ndatsetsereka pang'ono, yalira, ziro. Ndazimitsa msanga. Tafika pa nkhokwe yakale.

Mbale ndikutsuka imodzi. Mpaka liti?

Lachitatu

A Fulaye, amene ankayendetsa lole ku Luwani, adutsa pa njinga. Satsika. Akuti, "Chotsani waya wa pa swichi ya oyilo, mugunditse ku chitsulo. Kasingano kakalumpha, yafa ndi swichi. Kakapanda kulumpha, ndi waya kapena geji. Basi." Apita. Ndinali nditawaphikira tiyi.

Swichi ya oyilo ndi iti? Mu boneti muli mawaya ochuluka ngati mizu ya udzu, onse akuda ndi fumbi.

Ndasankha mmodzi wooneka wofatsa. Ndagunditsa. Thethe! Fungo la pulasitiki. Fyuzi yapsa, ndi nsidze yakumanzere.

Tiyi ndamwa makapu onse awiri.

Lachinayi

Fyuzi ndamanga ndi kapepala konyezimira ka mu paketi ya fodya.

Nzeru yatsopano: kuzula mawaya onse, kuwapukuta, kuwabwezera. Kuti ndisasokoneze, ndikumanga tinsalu, kamodzi pa waya, kanzake pamalo pake. Nsalu ndang'amba ija tinalandira pa msonkhano wa chipani chisankho chisanachitike, ndi ina ya chipani china imene Nambewe analandira. Zonse zinali pansi pa sutukesi.

A Nachisale oyandikana nafe aima ndi ndowa pamutu. "Kodi mwakhala a chipani chiti tsopano? Kapena galimotoyi ikuimira uphungu?"

Mtima phaa! Akuti tili pa ufulu, koma ndani akudziwa za mawa? Nkhope ya munthu wamkulu ndaidula pakati, khutu lili pa waya wa hutala! Ndamasula tinsalu tonse, ndakwirira kudzala.

Mawaya khumi ndi anayi akulendewera. Onse akufanana.

Lachisanu

Ndabwezera mawaya mongopemphera.

Zotsatira:
Ndikaponda buleki, hutala ikulira.
Ndikaliza hutala, nyali ikuyaka, imodzi.
Utsi wochuluka, nkhuku zathawa. A Fulaye akufuula ali pamsewu, "Mwaikhutitsa oyilo!"
Kasingano: ziro.

Ndatsitsa oyilo wowonjezera mu poto wa ndiwo. Nambewe asadziwe.

Tadutsa munda wa chinangwa. Nyumba ikuoneka denga lokha.

Ndikupezeka ndikulankhula ndi kasingano. Ndikuti, "Dzuka mayi, tadzuka." Ndiye mawu oyamba aulemu amene ndalankhula sabata ino.

Loweruka

Ndavala malaya ochapa. Ndakhala pa chiwongolero kuyambira m'mawa.

Ndikapita, injini ingafere panjira, alamu adzandifunsa. Ndikapanda kupita, Nambewe adzati chiyani? Ndikapita wapansi, apongozi adzati galimoto ili kuti? Ndawauza kale. Mwina asesa pabwalo poimika.

Dzuwa lafika pamutu. Lapendeka. Sindinasankhebe.

A Nachisale abwera kuchokera ku chipatala cha ku Ligowe, aonana ndi Nambewe. Akuti Nambewe anamanga katundu, anakhala pamsewu mpaka masana, kenako anamasula. Uthenga wake ndi uwu: "Mukawafunse ngati miyendo yawo nayonso yatha oyilo."

A Nachisale akuseka mpaka kugwira mtengo. Ine ndavula malaya, ndapinda.

Lamulungu

Kutchalitchi sindipita. Adzandifunsa za mayi a kunyumba.

Ndikuti ndichotse thumba la chimanga cha mbewu. Ndinalibisa m'galimoto, kutsogolo, poponda wokwera, chifukwa akuba achuluka ndipo galimoto yokha ndi imene ili ndi loko. Ndalikoka. Lapepuka. Kuseri kwake, pansi pa geji, chisa! Khoswe ndi ana asanu. Pambali pawo kawaya koyera, kodulidwa bwinobwino ndi mano.

Sabata yonse ndinali mu boneti. Vuto linali pampando wa Nambewe. Akanakhalapo akanaliona tsiku loyamba, iye salola thumba kumapazi.

Ndalumikiza kawaya, ndakulunga ndi mphira wa chubu. Chitunda chatsala pang'ono. Ndamasula buleki. Yalira. Kasingano kanjenjemera, kadzuka, kaima pakati penipeni!

Ndatembenukira kumpando wa Nambewe kuti ndinene kuti taona. Pampando pali gaga ndi manyi a makoswe.

Kenako injini yatsokomola kawiri, yazima. Dizilo watha ndi kuyesayesa. Geji ya dizilo inkanena zoona sabata yonse, sindinaiyang'ane.

Galimoto ili kudimba, m'mphepete mwa mtsinje, mphuno yaloza ku nthochi. Kuti ikwerenso pafunika amuna asanu ndi atatu kapena ng'ombe. Ndaifunditsa.

Nsapato ndapukuta. Ku Ligowe ndi maola atatu wapansi. Poto ndanyika m'madzi a phulusa, koma akununkhabe.