Tsiku limene ndinasamuka osadziwa

Mpaka lero ndikamadutsa pampopi pathu ku Chinsapo ndimaweramitsa mutu ngati wataya singano. Nkhaniyi ndailemba chifukwa papepala palibe wondiyang'ana kumaso.

Ine manyazi ndinabadwa nawo. Munthu akandiponda phazi m'minibasi, wopepesa ndimakhala ineyo. Timakhala pamdadada wa nyumba za lendi, ine, mwamuna wanga amene amawotcherera zitsulo ku Biwi, ndi mwana wathu Chisomo. Nyumbayi tinaipeza movutikira. Magetsi alipo, madzi ali pafupi, moti ikangomveka kuti ikutsala, siigona tsiku popanda munthu.

Chisomo atayamba kuyenda, malo anachepa. Pakona panadzaza beseni losambitsira khanda, matewera, zovala zomuthina, mbaula yakale, ndi mpando wachitsulo wothyoka mwendo (mwamuna wanga amakonza za anthu ena, zapakhomo amangozilonjeza).

Mchemwali wanga anati, “Pita nazo kutchalitchi. Amayi kumeneko amagulitsa zoterezi pakaunjika wawo n'kuthandizira ana amasiye.”

Koma ine ndinaonapo mmene amachitira. Amakweza chinthu m'mwamba, kutchula woperekayo, mpingo n'kuwomba m'manja. Nditaganiza za matewera a Chisomo ali m'mwamba pamaso pa abusa, ndinati ayi, ndingogawira anzanga a pamdadada mwakachetechete.

Loweruka m'mawa, abambo a Chisomo atapita kuntchito, ndinayamba ndi amayi a Shakira a khomo loyandikana nalo, poti anali oyembekezera. Ndinawapatsa beseni ndi zovala.

“Zonsezi? Kwagwanji?”

“Malo achepa,” ndinatero, maso ali pansi.

“Zoonadi, tinyumba iti n'tating'ono. Mwaganiza bwino.”

Mbaula ndi mpando ndinapatsa anaBanda a khomo lomalizira. Chimene ndinaiwala n'chakuti pamdadada pathu munthu sagawa katundu wamba. Amene amagawa ndi wosamuka, kusiyira anzake zimene sizikwana pagalimoto.

Posakhalitsa ndinamva odi. AnaBanda analowa misozi ili mbwembwembwe, n'kundikumbatira.

“Mukutisiya osatsanzika? Munthu wofatsa ngati inu tidzamupezanso kuti?”

Apa ndi pamene ndikanatsegula pakamwa. Koma kumuuza munthu wamkulu kuti akulira pachabe si kophweka (komanso, kunena zoona, chibadwire palibe anandiyamikirapo chonchi). Ndinangoti, “Mmm.”

“Mmm” ameneyo anandisaukitsa. AnaBanda anapukuta misozi, maso n'kugwera pandowa yanga.

“Iyi mukatani nayo? Ku Area 25 mpopi uli m'nyumba.”

Area 25 sindinaitchule ine, koma ndowa inapita. Amayi a Shakira anabweranso. “Makatani awa sakakwana, mawindo a kumeneko ndi aakulu. Asakulemereni pachabe.” Ndinawathandiza kumasula ndekha. Ayironi inapita. Chingwe choyanikira zovala chinapita, zovala zanga zonyowa n'kundiikira bwinobwino pampasa. Mayi wina amene sindinamuonepo anabwera kudzandifunira ulendo wabwino, n'kutuluka ndi lichero.

Madzulo kunabwera alandilodi, ali ndi bambo wina wonyamula tepi yoyezera ndi mkazi wake.

“Amayi a Chisomo, mwandikhumudwitsa. Za kusamuka kwanu ndizimvere pampopi? Basi, anthu ndapeza kale. Awa alowa mwezi ukangotha.”

Mkazi uja anasuntha Chisomo ndi dzanja ngati akusuntha mpando. “Bedi lathu likhala apa. Koma khomali alipentenso, anthuwa analidetsa.”

Nthawi yomweyo mwamuna wanga analowa, ovolosi ili bii, n'kupeza mlendo atagwada kuchipinda kwathu.

“Achimwene, mukuyeza chiyani kuchipinda kwanga?”

“Pepani bwana, mwati mutuluka liti?”

Abambo anayang'ana mawindo opanda makatani, kenako ine.

“Mayi a Chisomo, tikusamuka tonse, kapena ukusamuka wekha?”

Nditaona kuti nyumba ikupitadi, mawu onse amene ndinameza kuyambira m'mawa anatulukira pamodzi.

“Sitikusamuka! Ndimangosesa!”

Ndinakuwa moti Chisomo analira, mdadada wonse n'kusonkhana pakhomo.

“Kusesa kwake kotani kochotsa makatani?” anafunsa alandilodi. “Ndikukudziwani anthu a lendi. Mumayamba kutulutsa pang'onopang'ono, m'mawa ndipeze loko yekha.”

Mwamuna wanga anavula chipewa, anapepesa, analumbira, koma mkuluyo sanasunthe. Anafewa pokhapokha abambo atalonjeza kuwotcherera geti ya mpanda, zitseko za mabafa ndi wilibala, zonse mwaulere. Alendo aja anapinda tepi yawo. Mkaziyo potuluka anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kuphazi. “Mayi, muzilankhula. Ife tatsanzika kale kumene tikukhala.”

Katundu sanabwerere. Abambo anandituma kukaitanitsa, ndinafikadi kwa amayi a Shakira, n'kupeza makatani atapachika kale.

“Akhala bwino, eti?”

“Kwambiri,” ndinatero, n'kubwerera.

Masiku ano ndikafuna kusita ndimakabwereka ayironi yanga yomwe. Amandipatsa ndithu, koma ndi chenjezo: “Muisamale, sichedwa kupsa imeneyi.”

Ndinalumbira kuti chotsala chilichonse chizipita kutali, kwa anthu osadziwa khomo langa, ngakhale achikweze m'mwamba mpaka kudenga. Lamlungu lapitali ndinalongedza nsapato ndi majuzi omuthina Chisomo m'chikwama chachikulu, n'kusenza, ulendo wakutchalitchi. Ndisanafike pageti, alandilodi anasuzumira pawindo.

“Amayi a Chisomo! Mwayambanso?”

Zitseko zitatu zinatseguka nthawi imodzi. Ndinatembenuka bwinobwino ngati ndaiwala kanthu. Chikwamacho chili pansi pa bedi, ndipo chikhala pomwepo mpaka Chisomo adzakhale ndi mng'ono wake.