Diso Latsopano la Abambo ndi Mafilimu Anga

Lolemba

Abambo ali kuno ku Area 47. Awachotsa ng'ala m'diso lamanja sabata yatha, ndipo adokotala akuti akhale kaye m'tauni mpaka Lamulungu, asathamangire ku Nsaru kumene kuli fumbi ndi utsi. Ine ndatenga tchuthi kuofesi. Ntchito yanga ndi kuwadonthezera mankhwala m'diso ndi kuwaletsa kuwerama.

Koma ndili ndi pulani yangayanga. Munthu wakhala zaka akuona dziko ngati lili kuseri kwa jumbo. Tsopano akuona. Ndiye aone zinthu zabwino. Filimu imodzi tsiku lililonse, akale ndi atsopano, osankha ine. Ikatha tizikambirana ngati anthu awiri akuluakulu. Ine ndi abambo sitinachezepo kupitirira nkhani ya mvula ndi ya amene wamwalira kumudzi.

Malamulo:
foni izime
osayankhula filimu ili mkati
osagona

Ndikuyamba ndi yakale kwambiri, yakuda ndi yoyera basi. Msilikali akuchokera kunkhondo, akupeza m'nyumba mwake mukukhala anthu ena. Ndimaikonda chifukwa munthuyo sakalipa. Amangoima pageti ndi chikwama chake, kudikira kuti wina amuzindikire.

Abambo maso ali pa tivi. Ndikuti yawagwira mtima. Kenako akuvula magalasi akuda amene anawapatsa kuchipatala, akutseka diso lamanzere ndi chikhatho, akutsegula, akutsekanso.

"Imbira adokotala. Diso labwerera."

Ndikuwafotokozera kuti filimuyo anaijambula choncho. Sakukhulupirira. Akutuluka panja kukayang'ana maluwa ofiira a pampanda, akukhalako kanthawi.

"Panja zili bwino. Yafa ndi tivi yakoyi."

Zokambirana lero: akuti ndisadzawaopsezenso choncho.

Lachiwiri

Lero yatsopano, ya mitundu yonse, kuti pasakhale mantha. Mzinda ukumira ndi madzi, mayi wina akukweza ana ake awiri m'galimoto, akuthawa kudutsa dziko lonse kukafuna mwamuna wake. Ndaionerapo kawiri ndipo kawiri konse ndalira pamene mwana wamng'ono akusiya kuyankhula.

Kumayambiriro kwenikweni, banjalo likunyamuka mofulumira, likusiya galu atamangidwa pakhonde. Amaoneka kamodzi kokha. Ine sindinamuonepo n'komwe.

Mlatho ukugwa. "Galu uja sanamumasule," akutero abambo.

Galimoto ikutha mafuta m'chipululu. "Mpaka pano galu uja sanadye."

Mayi akupezana ndi mwamuna wake, nyimbo ikukwera, ine mphuno yayamba kale. "Onsewa palibe amene akufunsa za galu."

Ndikuti, bambo, ndi sewero chabe.

"Ndikudziwa kuti ndi sewero. Anthuwo akunamizira. Koma galuyo ndi weniweni, iye sanauzidwe."

Maganizo anga: filimu yabwino, yandikhudza pang'ono kusiyana ndi kale. Zikuvuta kulira pali munthu pambali akudandaula za galu.

Maganizo a abambo: anthu oipa mtima, madziwo anawadziwa.

Lamulo la osayankhula ndalichotsa.

Lachitatu

Ya apolisi. Mwini hotela akupezeka atafa m'chipinda chokhoma, ndipo aliyense amene amagwira ntchito pamalopo ali ndi chifukwa chomudera. Iyi sindinaionerepo, ndinkaisunga dala kuti tizilotera limodzi amene wapha.

Wapolisi akusonkhanitsa anthu onse pabalaza, akutsegula pakamwa. Magetsi akuzima.

Tikukhala tikuyang'ana tivi yakuda. Kenako abambo akutembenuza diso latsopano lija n'kuliloza m'nyumba mwanga.

Zimene aona masana ano:
mng'alu pakhoma la kukhitchini, kuchokera pawindo kukafika pansi
ukonde wa kangaude kuseri kwa katani
kuti mipando yanga si yabulauni monga ankaganizira, ndi yobiriwira yakuda ndi litsiro
kuti mlonda wa nyumba yoyandikana nayo amathyola mapapaya anga ndi nsungwi
imvi zanga

Pa imvipo akundiyang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Wakalamba liti iwe?"

Magetsi akubwera dzuwa litapendeka. Ndikufunsa ngati tipitirize, tidziwe amene wapha. Akuti ayi, nkhani za maliro a eni ake tisazilowerere. Akupita kukakhala pakhonde kudikira mlonda wa mapapaya.

Ndikumaliza ndekha. Wapha ndi wophika. Palibe womuuza.

Lachinayi

M'mawa kuchipatala. Diso lili bwino, adokotala akondwa, abambo akuwerenga zilembo zonse za pakhoma mpaka dzina la kampani yosindikiza pepalalo.

Pobwerera tikudzera kumsika wa Tsoka. Ndaganiza zotsika pang'ono: ndiwapezere ya karate, ngati zija tinkaonera pa vidiyo sho tili ana. Zoterozo sizifuna kuganiza. Munthu amamenyedwa, amapita kuphiri kukaphunzira, amabwera kudzamenya anzake.

Amene amagulitsa zimbale zakale ndi Che Amidu, bambo wachikulire wa kapu yoyera, amenenso amakonza madividi ndi mawailesi pabenchi pake. Ndikuwauza chimene ndikufuna. Iwo akuyang'ana magalasi akuda a abambo.

"Ng'ala, akulu? Inenso anandichotsa chaka chatha. Lamanzere."

Basi. Abambo apatsidwa mpando. Ine ndaima padzuwa, pakati pa mulu wa nsapato za kaunjika ndi munthu wogulitsa machaja.

Akuyamba ndi maso, akupita ku mawondo, akufika ku kanema. Onse awiri, ali anyamata, anaonerapo kanema wa galimoto imene inkayenda m'midzi. Ankamanga nsalu yoyera pamitengo iwiri pabwalo la sukulu. Filimu yake inali ya kathiridwe ka feteleza. Mlimi mmodzi amamvera alangizi, wina samvera. Wosamverayo chimanga chake chimafika m'mawondo. Akuseka mpaka abambo akugwira diso kuti lisagwedezeke.

"Filimu ngati imene ija sanapangenso," akutero Che Amidu. Abambo akuvomera.

Kunyumba tikuika chimbale. Pachikuto pali munthu wopanda malaya akuuluka. M'kati mulibe karate. Muli filimu ya ku India ya maola ambiri, ndipo pamwamba pa mawu a osewera pali mnyamata wina akumasulira m'Chichewa. Sakumasulira zimene akunena. Akunena zake. Mwini filimu, mnyamatayo wamupatsa dzina loti Gelesomu. Mtsikana akalira, iye akuti akulirira ndiwo. Pakati pa ndewu akulengeza kuti amametanso tsitsi ku Mchesi.

Maganizo anga: uku ndi kuipha filimu.

Abambo sanayankhule mpaka kumapeto. Sanagone. Foni yawo italira anaizimitsa okha.

Lachisanu

Ya lero ndi imene ndimaikonda kuposa onse. Anthu awiri okalamba m'nyumba ya m'mphepete mwa njanji, akudikira mwana wawo amene sabwera. Amayankhula pang'ono. Theka la filimu ndi mayi akusenda mbatata. Ndinakonza sabata yonse kuti tidzafike pa imeneyi.

Sitifikapo. Abambo anaitana Che Amidu dzulo ine osadziwa. Akufika masana atachoka ku mzikiti, atanyamula nthochi, ndipo awiriwo akufuna Gelesomu kachiwiri chifukwa Che Amidu anagulitsa zimbalezo osaonerako.

Ine ntchito yanga tsopano:
tiyi
kubwezera m'mbuyo pamene Gelesomu akugwa panjinga
tiyi wina
kufotokoza chifukwa chimene munthu wa nyumba yaikulu chonchi alibe nkhuku

Gelesomu atatha, abambo akutenga katoni yanga ya zimbale kuti aone ngati muli ina yomasulira. Akuwerenga zikuto chimodzichimodzi, mokweza, chifukwa tsopano angathe. Pansi penipeni akutulutsa chimbale cha chikuto choyera. Pali ine nditavala velo. Pambali panga pali munthu amene ndinasiyana naye zaka zapitazo, atavala suti yonyezimira.

Ndinkaganiza kuti ndinachitaya.

Akuchiyang'ana kutsogolo, kumbuyo. Kumudzi kunalibe tivi nthawi imeneyo, ndipo pamene inkafika maso anali atayamba kale chifunga. Sanachionerepo.

"Amayi ako alimo umu?"

Amayi anatisiya chaka chotsatira ukwatiwo. Zithunzi zawo zilipo ziwiri, zonse ataima chilili ngati akuwerengedwa mlandu.

Ndikuti alimo.

"Mawa tionera iyi."

Che Amidu akuchitembenuzira kuwindo, akuti chakalika kwambiri, achitenga akachipukute, abwera nacho m'mawa. Ndikuwauza kuti asavutike. Akuti si vuto.

Loweruka

Achipukuta bwino. Chikuwala ngati chatsopano. Munthu ameneyu ntchito yake amaidziwa, mwatsoka.

Pa pulani yanga lero panali filimu ya woyimba wakhungu. M'malo mwake, nayi ya lero.

Kutalika: kuyambira m'mawa mpaka nthawi ya nkhomaliro kupitirira.
Wojambula: msuweni wa mkwati. Amakonda nsapato za anthu ndi denga la holo.
Nyimbo: imodzi, yobwerezabwereza, ndipo mayina athu akuuluka pakati pa nkhunda ziwiri.
Mkwati: amaseweretsa nkhope kwambiri. Polumbira akuyang'ana kamera.
Mkwatibwi: wowonda, nsidze anamujambula ngati wadabwa. Sakudziwa chimene chikubwera. Ndikufuna kumukodola kuti atuluke panja ndimuuze mawu awiri.
Ankhoswe: akulonjeza kuti khomo lawo ndi lotsegula usana ndi usiku. Ndinapitako. Linali lotseka.

Che Amidu akuyamikira keke. Abambo akutchula aliyense wodutsa: uyu anamwalira, uyu ali ku Joni, uyu anatibera mbuzi.

Kenako pelekanipelekani. Wotsogolera mwambo akuitana a kuchikazi. Kamera ikuchoka padenga, ikutsika, ndipo amayi akulowa kuchokera kumanzere.

Chitenje chabuluu, duku lapendekeka. Akuvina chammbali, mapewa okha, mapazi ngati sakukhudza pansi. Akuseka ndi munthu wina amene sakuoneka. Akufika pamene pali ine, akundikonza velo, akundinong'oneza kanthu, akupitirira. Kamera ikubwerera ku nsapato.

Abambo avula magalasi.

"Bwezera."

Ndikubwezera.

"Bwezeranso."

Che Amidu akudzuka mwakachetechete, akuti akaone mapapaya aja.

Tikubwezera mpaka ndaloweza pamene chala chiyenera kuima. Abambo asendeza mpando kufupi ndi tivi, zimene adokotala sangakondwere nazo.

"Ndinaiwala kuti anali ndi mpata pakati pa mano," akutero. Patapita kanthawi: "Anakuuza chiyani pamenepo?"

Ndikuti anandiuza kuti ndiwongole msana.

Akuseka, akupukuta diso ndi mpango, ndikuwaletsa, akupukutabe. Ndikuimitsa chithunzi pamene amayi andigwira velo. Iwo tsopano akuyang'ana mkwatibwiyo.

"Iwetu apa unali utatopa kale. Taona nkhopeyo. Tsiku limeneli ndinali ndi maso awiri abwinobwino, koma sindinaone."

Ndikuyang'ana wotchi. Nthawi ya mankhwala yakwana, ndiye ndikuwauza kuti ayang'ane kudenga. Dontho loyamba likugwera patsaya. Lachiwiri likulowa.

Lamulungu

Kutchalitchi m'mawa. Abambo akuyimba nyimbo zonse akuwerenga m'buku, ngakhale amazidziwa pamtima kuyambira ndisanabadwe.

Filimu yotsekera sabata inali yoti tionere tikaweruka. Akuti minibasi za ku Nsaru zimavuta masana, bola kulawira.

Ndikunyamula chikwama chawo kupita nacho kugalimoto. Chalemera. M'kati, chokulungidwa m'thaulo langa:
dividi yanga
limoti
mawaya amene Che Amidu awapatsa
Gelesomu
chimbale cha chikuto choyera

Akuti pagolosale ya a Gama pali tivi ya sola. Akuti amayi anga aang'ono ayenera kumuona mchemwali wawo akuvina, ndiponso pali anthu ambiri m'chimbalemo amene ana awo sanawaonepo akuyenda. Ndikuti mulinso ine ndi munthu uja, kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Akuti anthu sadzayang'ana ife.

Kudepoti akukwera kutsogolo, pawindo, chikwama pamiyendo. Ndikuwakumbutsa za mankhwala, za fumbi, za kuwerama. Akuwerenga zolembedwa kumbuyo kwa minibasi ina.

Kunyumba kuli zii. Pansi pa tivi patsala bwalo loyera pamene panali dividi, fumbi kuzungulira. Pa mafilimu amene ndinasankha, imene taonera limodzi mpaka kumapeto ndi imodzi, ya galu. Ya anthu okalamba a kunjanji ili pa laputopu. Ndikuiyatsa, mayi uja akuyamba kusenda mbatata, ndikuiyang'ana ndekha monga kale. Ikadali yabwino.

Chakumadzulo foni ikulira. Abambo. Kumbuyo kwawo kuli phokoso la anthu ambiri, ana, nthungululu, ndi nyimbo ija ya nkhunda ziwiri.

Afika bwino. Mankhwala adontheza. Pagolosale padzaza, ena aima pawindo. Amayi aang'ono alira, kenako avina. Anthu ayamikira keke, ndipo ambiri akuti mkwati akuoneka waulemu.

"Ndiye anthu kuno akufunsa," akutero abambo, "akuti kodi ili ndi gawo lachiwiri?"

Ndikuti auzeni kuti palibe.